Thabwa la pa Chitseko

Ndine ndinalemba dzina loyamba pa chitseko chija,
chakumapeto kwa khonde, pafupi ndi mpopi wodontha,
ku maofesi a boma kuno ku Chipata.
Anandipatsa kapepala: Zikondwerero za Dziko.
Zilembo zoyera pa thabwa la mlombwa.
Bulashi ndinagula ndi ndalama zanga,
mpaka lero sanandibwezere.

Masiku amenewo ofesi yonse inali munthu mmodzi,
a Dailesi Shawa, ndi taipilaita yothothoka dzino la Z.
Kalata iliyonse inkatuluka ikuti ikondwerero,
iwo n'kumabwezera Z ndi bolopeni, imodziimodzi,
lilime lili pakona pa mlomo.
Chuma cha ofesi: mipando yachitsulo makumi anayi,
tenti yobiriwira, mbendera, chingwe.

Zitadutsa mvula zitatu inafika kalata ya ku Lusaka,
akuti Zikondwerero zakwatiwa ku Masewera.
Ndinapala thabwa ndi phale la botolo,
ndinalembanso.
Nduna yatsopano inabwera kudzaona ntchito,
inagwira penti asanaume,
inabwerera kwawo ndi theka la M pa chala.

Ukwatiwo sunakhalitse.
Anazitenga a Zokopa Alendo,
kenako a Chikhalidwe, miyezi isanu ndi itatu basi.
Chaka china dzina linatalika ngati msewu wa ku Lundazi,
Achinyamata, Luso, Alendo ndi Zochitika Zikuluzikulu,
thabwa linakana,
ndinalumikiza lina la paini kunsi kwake
ndi misomali inayi yowongola pamwala.

Chaka cha chilala anazifafaniziratu.
Anandiitana kuti ndingopaka zakuda.
Ntchito yokhayo ndiyo anandilipira tsiku lomwelo.
Koma Febuluwale samva za kalata.
Ku Mtenguleni alendo anafunabe pokhala,
a Dailesi anatsegula chitseko chopanda dzina,
anawerenga mipando, inakwana makumi atatu ndi isanu,
anakweza pa lole ya a Zakeyo Miti usiku,
mafuta analipira ndi mtedza wa m'munda mwawo.

Nduna ndaziwerenga, khumi ndi imodzi.
Zithunzi zawo zili kuseri kwa kabati, nkhope kukhoma.
Iliyonse inkatsokomola pa maikolofoni
n'kuti, kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya chigawo chino,
itangonyamuka pa mpando womwe uja
wa mwendo wowotcherera kawiri ku Kapata.
Ife tinkaomba m'manja.
Dzuwa lake silinali lotsutsirana ndi munthu.

Tsopano sandiitananso.
Kuli mnyamata wa kompyuta, amasindikiza zomata,
dzina likasintha m'mawa, masana wamata kale lina.
Kutentha kwa Okutobala kumazifunyulula m'makona
ngati khungu la njoka.
Thabwa langa anataya kuseri, pa mulu wa matayala.
Ndinalitola, ndinalimanga pa kaliyala ya njinga,
ndinaliika pansi pa bedi osadziwa kuti n'la chiyani.

A Dailesi anamwalira m'mwezi wozizira, ku Mchini.
Mwana wawo Eneresi anapita kukabwereka mipando.
Anam'patsa fomu.
Pamwamba panali dzina limene mayi ake sanataipepo.
Anamufunsa mwaulemu ndithu, akuti,
kodi mwambo wanuwo ndi waukulu bwanji?
Tinakhala pa njerwa ndi pa zigubu.

Usiku umenewo ndinatulutsa thabwa,
ndinazula la paini, linatsala la mlombwa.
Ndinapaka zoyera kawiri.
Ndinalemba DAILESI SHAWA, manja akunjenjemera,
S wachiwiri anapendekeka, ndinamusiya choncho.

Mukapita kumanda dzuwa litapendeka,
muime chakumanzere, muwerame pang'ono.
Pansi pa dzina lawo pamatuluka mizukwa ya zilembo,
Masewera, Alendo, chidutswa cha Luso,
ndipo kumayambiriro kwenikweni,
pomwe phale la botolo silinafike,
pali Z, woyamba uja,
amene iwo ankabwezera ndi bolopeni.